Mbiri ya Anyanja a ku Mangochi

Munthu akachoka pa boma la Mangochi, nakwera mseu wa ku Namwera kufikira kuno ku Chiponde, kumalire a Mozambique, amva Chiyao m'midzi yonse ya m'njira. Mafumu akulu a chigawo chino, monga Jalasi, Mponda ndi Makanjira, ali Ayao. Chifukwa cha ichi anthu ambiri ayesa kuti dziko lino linali la Ayao chiyambire. Koma sikutero ai. Ayao asanafike kunali anthu ena amene anali eni gombe ndi eni madambo, ndiwo Anyanja. Lero dzina lao silimveka kwambiri, ndipo ana ambiri salidziwa konse. Tsono m'kabuku aka tifuna kulongosola kumene Anyanja anachokera, chimene chinaphimba dzina lao, ndi kumene ali tsopano.

1. ENI GOMBE

Dzina lakuti Anyanja litanthauza anthu a ku nyanja. Poyamba sanali mtundu wapadera. Iwo ndi Achewa ndi Amang'anja ali ana a mimba imodzi, ndiwo Amaravi, amene makolo ao anachokera ku dziko la Aluba ku Congo, monga akulu asimba. Mfumu yao yaikulu, Kalonga, wa mfunda wa Phiri, inamanga mzinda wake ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka. Pochokera kumeneko anthu anabalalika kufunafuna malo, ndipo maina ao anatsata malo amene anakhalako. Amene anakhala kumtunda anatchedwa Achewa. Amene anatsika ndi mtsinje wa Shire anatchedwa Amang'anja. Ndipo amene anamanga m'gombe anatchedwa Anyanja.

Amaraviwo sanapeze dziko lopanda anthu. Akulu asimba za Akafula, anthu afupiafupi osaka nyama. Ndiponso m'zaka za m'ma 1960 Mzungu wina wofukula zakale, dzina lake K. R. Robinson, anakumba pa Nkope, m'gombe la pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay, napeza mapale a miphika ndi zizindikiro za anthu odziwa chitsulo, amene anakhala pamenepo zaka zoposa 1,500 zapitazo. Kotero gombe limeneli liri mudzi wakale ndithu.

Mlendo woyamba kulemba za chigawo chino anali Mpwitikizi, Gaspar Bocarro. M'chaka cha 1616 iyeyu anachoka ku Tete pa ulendo wa ku Kilwa, nachereza kwa mfumu ya Amaravi, Muzura, napita pafupi ndi kumwera kwa nyanja. M'kalata yake anatchula nyanja yaikulu ndi dzina lofanana ndi lakuti Mang'anja. Ichi chitisonyeza kuti zaka 400 zapitazo anthu a chinenero chathu anali atakhazikika kale kuno.

Ayao potchula nyanja ati nyasa, ndipo anthu a m'gombe anawatcha Anyasa. Dr. David Livingstone atafika pa nyanja m'mwezi wa September 1859, analemba dzina lomweli m'mabuku ake. Pambuyo pake, m'chaka cha 1907, Angerezi anatcha dziko lonse Nyasaland, ndipo tsidya lija la malire chigawo cha anzathu chitchedwa Niassa kufikira lero.

2. MAKHALIDWE AO

Munda waukulu wa Anyanja unali nyanja. Anasema mabwato m'mitengo yaikulu, napota zingwe za makungwa a zitsamba, naluka nazo maukonde ndi makoka. Khoka lalikulu silikokedwa ndi munthu mmodzi ai, lifuna amuna a mudzi wonse, ndipo onse okoka analandirako gawo lao la nsomba. M'mitsinje ndi m'mabango anatchera mono. Anadziwa nyengo ya chambo, ya usipa, ya utaka, ndi nthawi imene mpasa ikwera mitsinje kukaswa. Anadziwanso mphepo ndi maina ake: mwera wochokera kumwera, umene uutsa mafunde oopsa m'nyengo yachisanu; mpoto wobwera ndi mvula; bvuma wa kum'mawa; ndi zambwe wa kumadzulo. Mwana wa m'gombe anaphunzira izi zonse asanamere ndebvu.

Kumtunda analima mapira ndi maere, ndi m'madimba maungu ndi nyemba. Analima thonje, naomba nsalu zao. Ena anasungunula chitsulo m'ng'anjo, nasula makasu, nkhwangwa ndi mikondo. Mvula ikakana anasonkhana pa kachisi, nathira nsembe kwa mizimu ya makolo kuti iwapempherere kwa Chauta.

Pali zinthu ziwiri m'makhalidwe ao zimene tiyenera kuzisunga m'mtima, pakuti ndizo zidzatithandiza kumva zotsatazi. Choyamba ndi ukwati. Mwamuna anakakhala kwa mkazi, ndicho chikamwini, ndipo ana anali a mbumba ya amai ao. Wowayang'anira ndi wowanenera pa mlandu anali mtsibweni, ndiye mlongo wa amai. Chachiwiri ndi ufumu. Pofika zaka za m'ma 1800 mphamvu ya Kalonga inali itatha. Mwini mudzi ali yense anadziimira yekha, ndipo panalibe mfumu imodzi yokhoza kuitana amuna a m'gombe lonse kuti achinjirize dziko.

3. KUFIKA KWA AYAO

Kwao kwa Ayao ndi ku phiri la Yao, m'dziko la Mozambique, pakati pa mitsinje ya Lujenda ndi Luchelingo. Iwo anali akatswiri a ulendo. Kuyambira kale anasenza minyanga kunka nayo ku Kilwa, kunyanja yamchere, nabwerako ndi nsalu ndi mikanda. Kotero Anyanja anayamba kudziwa Ayao monga alendo a malonda, ndipo anawalandira bwino, popeza akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

Koma kuyambira zaka za m'ma 1830 dziko la Ayao linagwa m'mabvuto. Njala inabvuta, ndipo Alolo ochokera kum'mawa anawathira nkhondo. Pamenepo Ayao anayamba kusamuka ndi akazi ndi ana, pfuko lina kukankha linzake. Amachinga, amene anakhala m'mapiri a ku Mandimba, patsidya pa Chiponde pomwepa, analowa m'dziko lino. Amangochi, amene anakhala mozinga phiri la Mangochi, anakankhidwira kumwera, ku mapiri a ku Blantyre ndi Mulanje, cha m'ma 1860. Amasaninga a Makanjira anatenga gombe la kum'mawa. Mponda anamanga pamene Shire aturuka m'nyanja, ndi Jalasi pa phiri la Mangochi.

Tisaiwale kuti ambiri a iwo anadza ngati othawa, ofuna pobisala ndi polima. M'midzi yambiri anapempha malo mwaulemu, napatsidwa. Koma atsogoleri ao anali ndi zinthu ziwiri zimene eni dziko analibe, ndizo mfuti ndi nsalu. Ndi mfuti munthu aopsa adani, ndi nsalu akopa anthu omtsata. Kotero m'zaka zowerengeka wopempha malo uja anasanduka woweruza milandu, ndipo mwini dziko anayamba kupereka mtulo wa nsomba kwa iye.

4. MASIKU A UKAPOLO

Nthawi yomweyo malonda a anthu anakula koposa kale. Arabu ndi Aswahili a ku Zanzibar anafuna akapolo ambiri, ndipo njira yao yaikulu inapita kumwera kwa nyanja, pa dooko la kwa Mponda. Ena anaolotsedwa m'zombo kufika kwa Makanjira. Livingstone analemba kuti kazembe wa Angerezi ku Zanzibar, Rigby, anamuuza kuti chaka ndi chaka akapolo 19,000 ochokera ku dziko la nyanja analowa pa dooko la Zanzibar. Ochuluka enanso anafera m'njira osawerengedwa. Pamwamba pa ichi panadza Angoni. A Maseko anabwerera kuchokera ku Songea nakhala ku Domwe, ndipo nkhondo zao zinafika mpaka ku gombe. Ndi Angoni otsala ku Songea anasakaza midzi ya gombe la kum'mawa.

Pamenepo Anyanja anagawika patatu. Gulu loyamba ndi la ogwidwa nagulitsidwa kunyanja yamchere, kumene anatchedwa Wanyasa, amenewa sanabwerenso. Gulu lachiwiri ndi la othawa. Ena anabisala m'mabango ndi pa zisumbu, monga Likoma. Ena anaunjikana m'midzi yaikulu yozingidwa ndi malinga m'mphepete mwa madzi, kuti adani akafika iwo alowe m'mabwato. Gulu lachitatu, limene liri lofunika kwa ife a kuno, ndi la otsala pansi pa mafumu a Chiyao.

Taonani tsono m'mene ana a otsalawa anasandukira Ayao. Ayao nawonso atsata chikamwini, ndipo mwana wa mkazi mfulu ali wa mtsibweni wake, si wa atate wake ai. Tsono mfumu yofuna mudzi waukulu inaona kuti ana ake a kwa akazi aufulu adzachoka tsiku lina kutsata kwa amai ao. Koma mdzakazi alibe mlongo womnenera, ndipo ana ake alibe kwina kopita. Akhala a mudzi wa atate ao. Chifukwa cha ichi mafumu ndi eni midzi sanagulitse akazi onse ogwidwa ai. Ambiri anawakwatira, kapena kuwapatsa anyamata ao. Panalinso maukwati ambiri a mtendere pakati pa anthu aufulu a mitundu iwiriyi, pakuti anamwa chitsime chimodzi.

Ana obadwa m'midzi yotere anakula alikumva Chiyao pabwalo. Anabvinidwa pamodzi ndi anzao ku jando ndi ku msondo. Kuyambira cha m'ma 1870, pamene Makanjira analandira Chisilamu ndi mafumu ena namtsata, ambiri analowanso chipembedzo chimenechi. Pofika pa adzukulu, panalibe wonena kuti, Ine ndine Mnyanja. Ndiponso munthu sanakonde kukumbutsa anthu kuti agogo ake anadza ndi goli m'khosi. Kotero anthuwo sanathe ai, koma dzina lao linalowa pansi pa dzina lina.

Ponena izi sitiri kuimba mlandu mtundu umodzi. Analipo eni midzi a Chinyanja amene anagulitsa anzao chifukwa cha nsalu kapena njala, ndipo analipo Ayao ambiri amene anagwidwa ndi Ayao anzao. Masiku amenewo anali oipa kwa wali yense wopanda mphamvu.

5. AZUNGU, MALIRE NDI MABUKU

M'chaka cha 1875 amishoni a Livingstonia, E. D. Young ndi Dr. Robert Laws, anafika ndi sitima yao Ilala. Pofuna kumanga ku Cape Maclear anapempha chilolezo kwa Mponda, ndipo ichi chisonyeza amene anali wolamulira masiku amenewo. M'chaka cha 1891 dziko linalowa m'manja mwa Angerezi, ndipo Harry Johnston anamanga linga la Fort Johnston pafupi ndi kwa Mponda. Nkhondo zinapitirira kufikira 1895, pamene Jalasi ndi Makanjira anagonjetsedwa. Makoma a linga limene Azungu anamanga pa phiri la Mangochi alipo kufikira lero.

Malonda a akapolo analekeka, ndipo othawa ambiri anaturuka m'mabango. Koma Boma silinafunse kuti mwini dziko woyamba anali yani ai. Linalemba m'buku mafumu amene linawapeza ndi mphamvu, ndipo pokhazikitsa ulamuliro wa mafumu m'chaka cha 1933, mipando yambiri ya chigawo cha Fort Johnston inali ya maina a Chiyao.

Chaka chomwecho cha 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anapangana za malire. Mzere umene analemba unadula gombe la kum'mawa pakati. Anyanja a ku Metangula, Messumba ndi Cobue anagwera kwa Apwitikizi. A ku Likoma ndi Chizumulu, ngakhale ali pafupi ndi gombe lomwelo, anatsala kwa Angerezi chifukwa cha mishoni imene inali pamenepo. Abale a mimba imodzi anayamba kukhoma msonkho ku maboma awiri, ndi ana ao kuphunzira zinenero ziwiri za Azungu.

Mishoni imeneyo inali ya U.M.C.A., ndiwo Aanglikani, amene anakhazikika pa Likoma m'chaka cha 1885. Wansembe wao William Percival Johnson anayenda m'midzi ya m'gombe zaka zoposa 40, ndipo kuyambira 1901 sitima ya Chauncy Maples inanyamula aphunzitsi kunka nao m'midzimo. Leonard Kamungu, mwana wa ku Chia m'gombe la kum'mawa, anadzozedwa unsembe m'chaka cha 1909, nakagwira nchito ku Msoro m'dziko la Zambia, kumene anamwalira mu 1913. M'chaka cha 1912 Baibulo lonse linasindikizidwa m'Chinyanja cha ku Likoma. Kotero Anyanja a m'gombe anakhala ena a anthu oyamba kudziwa kulemba m'dziko muno.

Koma apa panachitika chinthu chodabwitsa. Azungu anatenga dzina lakuti Chinyanja nalipatsa chinenero cha Amaravi onse. Chinakhala chinenero cha sukulu, cha asilikali ndi cha apolisi, kuno ndi ku Northern Rhodesia komwe. Buku Lopatulika la 1922 linalembedwa kuti litumikire Achewa, Amang'anja ndi Anyanja pamodzi. Dzinalo linakula ndithu, koma pokula linaleka kukhala la eni ake okha. Munthu akati Chinyanja, sanaganizenso za msodzi wa ku Nkope kapena wa ku Malindi.

6. DZINA M'MABUKU A BOMA

Dziko litalandira ufulu mu 1964, msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party wa chaka cha 1968, m'masiku a Dr. H. Kamuzu Banda, unagamula kuti chinenerochi chidzitchedwa Chichewa, ndi kuti chikhale chinenero cha dziko lonse pamodzi ndi Chingerezi. Ku Zambia ndi ku Mozambique dzina lakale lija likalipo, koma kuno linachoka pa mabuku a sukulu ndi pa wailesi. Tsono mwana wa m'gombe, pophunzira kuti chinenero cha amai ake ndi Chichewa, anayamba kuyankha kuti iyenso ndi Mchewa. Sanganame kwenikweni, popeza onse ali Amaravi. Koma dzina la kwao linaphimbikanso kachiwiri.

Kalembera wa anthu atisonyeza m'mene cholembera chichepetsera kapena kukuza mtundu. Mu 2008 Anyanja anawerengedwa pafupifupi 6 mwa anthu 100 ali onse a m'Malawi. Mu 2018, pamene anthu onse anali 17,563,749, Amang'anja analembedwa paokha, nakhala 3 mwa 100, ndipo Anyanja anatsala pafupifupi 2 mwa 100. Panalibe mliri kapena nkhondo pakati pa zaka zimenezi. Chinasinthika ndi mndandanda wa maina pa pepala.

Zotere sizichitika kuno kokha. Kutali ku Russia, m'mapiri a Altai, kuli mtundu waung'ono wotchedwa Chelkan. Monga Anyanja, iwonso adzitcha ndi dzina la madzi a kwao, pakuti ati ndife anthu a mtsinje wa Kuu, umene Arasha autcha Lebed. Zaka zambiri boma la Soviet Union linawawerengera pamodzi ndi anansi ao pansi pa dzina limodzi lakuti Altai, ndipo ana ao anaphunzira m'zinenero za eni ake. M'chaka cha 2000 boma la Russia linawabvomereza kukhala mtundu paokha. Kalembera wa 2002 anapeza anthu 855 odzitcha dzinali, ndi wa 2010 anapeza 1,181. Anthuwa anasunga dzina lao m'nyumba zao zaka zonse zimene linalibe malo m'buku la boma, ndipo chifukwa cha ichi linapezeka pamene linafunidwa.

7. CHIMENE CHATSALA

Nanga Anyanja ali kuti lero? Alipo m'midzi ya asodzi ya ku Nankumba, ku Nkope ndi ku Malindi. Alipo pa Likoma ndi pa Chizumulu. Alipo tsidya la malire m'chigawo cha Niassa. Alipo m'maina a mphepo ndi a nsomba amene msodzi ali yense, angakhale Myao kapena Mtonga, awatchula masiku onse. Aliponso m'mwazi wa ife tomwe a kumtunda kuno. Mphunzitsi akafunsa ana a sukulu mifunda yao, amva Phiri, Banda, Mbewe, Mwale ndi Milanzi pakamwa pa ana olankhula Chiyao, ndipo maina omwewa ndiwo a Anyanja ndi Achewa. Mitundu iwiriyi inakwatirana kwa zaka zoposa 150, ndipo palibe munthu angathe kuilekanitsanso.

Kudziwa izi sikuli kwa kuutsa milandu ya malo kapena ya ufumu ai. Milandu imeneyo inapita ndi eni ake. Phindu lake ndi ili: Myao wodziwa kuti agogo a agogo ake anali Mnyanja sangathe kunyoza msodzi wa m'gombe, ndipo Mnyanja wodziwa kuti Ayao anadza alikuthawa njala ndi nkhondo sangathe kuyesa mnansi wake mdani. Ndiponso munthu wochokera kwa mdzakazi alibe chifukwa cha manyazi. Akazi amenewo anachotsedwa kwao ndi mphamvu, koma ndiwo analima, nabala, nalera midzi imene tikhalamo lero.

Tsono inu amene mwaphunzira kuwerenga ndi kulemba muli akulu, muli ndi nchito imene makolo athu sanakhoze kuichita. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma sakhala nafe masiku onse. Nkhalamba ikamwalira, zimene inadziwa zipita nayo kumanda. Tengani kope ndi pensulo, mukhale pansi ndi agogo a m'mudzi mwanu, makamaka amai okalamba, pakuti ndiwo asunga mbiri ya mbumba. Muwafunse mfunda wao ndi wa amai ao. Muwafunse kumene mudzi unachokera, ndi amene unawapeza pamalopo. Muwafunse maina akale a mapiri, a madooko ndi a mitsinje, ndi mau amene anthu analankhula kale koma ana a lero sawadziwa. Mulembe monga momwe anenera, osakometsa ndi osachotsapo, ndipo pamwamba pa tsamba muikepo dzina la wonenayo ndi tsiku. Mukatha, muwerengere ana anu madzulo, ndi kusunga kopelo pamalo pouma, posafika chiswe.